Aphunzitsi Amene Ankaima Kudzanja Langa Lamanja

1

Dzina langa ndine Raisa, ndimakhala ku Kawale, ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito chifukwa choti ankandiyang'ana kumaso poyankhula. Basi, mlandu wake wonse unali umenewo. Ena amachotsedwa ntchito ataba malata a sukulu, ena atagulitsa mayeso. Iye anangotembenuka n'kundiyang'ana.

Sekani, ndakulolani. Kawale yense anaseka kale, Biwi n'kulandira, ndipo ndamva kuti nkhaniyi pofika ku Chinsapo ndinali nditabereka kale mapasa.

Ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 4. Amene munadikirako zotsatira mukuudziwa moyo wake: suli mwana wasukulu, suli munthu wamkulu, uli kanthu kongotumidwa tomato. M'mawa ndinkathandiza amayi kupinda samusa, masana kukhala pakhonde kuonerera fumbi, kudikira kuti moyo wanga uyambe. Zonse ndinali nditakonza kale m'mutu: mwamuna wamtali wa mawu ofatsa, nyumba ya ku Area 47 ya maluwa pageti, makatani ofika pansi. Chimene chinkachedwa ndi mwamunayo, ndipo ine nkhani yodikira sindimaitha.

Kusukulu ankanditcha Maloto. Dzinali anandipatsa ndi a Mackson, aphunzitsi athu a fizikisi, bambo amene tinkawadziwa msana kuposa nkhope. Ankaphunzitsa atayang'ana bolodi kuyambira belu mpaka belu, kumanong'onezana ndi choko ngati ali pachibwenzi. Anyamata kutsogolo, atsikana tonse kumbuyo, chifukwa malinga ndi sayansi yawo, magetsi ndi mtsikana sizigwirizana. Akatembenuka mwangozi n'kuponya funso, ankandipeza nditapendeketsa mutu, ndili duu.

"Maloto! Ndege yafika pati? Yatera?"

Kalasi yonse kufa nazo. Inenso kuseka nawo. Kunena zoona, dzinalo ndinkalikonda. Alipo mayina oipa kuposa limeneli amene mtsikana angapatsidwe.

2

Amene anabweretsa tsoka ndi Tracy, mnzanga wa ku Biwi, amene pakamwa pake sipanatsekedwepo chibadwire.

"Aise, vala! Kusukulu kwabwera wekishopu ya aphunzitsi a fizikisi. Akufuna ana oti aziyesererapo kuphunzitsa. Kuli fanta ndi sikono."

"Ine ndi fizikisi tinasiyana mwamtendere."

"Ndati aphunzitsi. Achinyamata. Ochokera m'masukulu onse a m'tauni muno."

Mpango wanga wabuluu, uja ndimasungira Idi yayikulu, unapezeka uli kumutu.

Amene ankatsogolera maphunzirowo anali Mayi Veronica, mayi wamfupi wa magalasi, woyankhula modekha ngati namwino amene wabisa jakisoni kumbuyo. Anatiimika pakhomo la labu n'kutiuza:

"Aphunzitsi awa amadziwa fizikisi. Chimene tikuwaphunzitsa ndi kuona ana. Mtsikana ndi mnyamata, wogwira zinthu msanga ndi wogwira mochedwa, wakutsogolo ndi wakumbuyo, aliyense atuluke m'kalasi ataphunzirapo kanthu. Inu musachite sewero. Mungokhala mmene mumakhalira."

Ndipo kumbuyo kwa labu, atapinda manja, ndani? A Mackson. Anawatumiza a hedi, koma chimene chinawasunga pamenepo ndi fungo la nkhuku ya masana.

"Zaka zonsezi ndili pabolodi," anauza mnzawo mokweza, "lero andiuze kuti ndizinyengerera ana ngati ndikufunsira mbeta."

Mawu amenewa ndikanawasunga bwino, sindikanakhala ndikulemba nkhani ino.

Aphunzitsi ankasinthana. Wina aphunzitse ife, anzake aonerere, kenako Mayi Veronica amusende pang'onopang'ono. Bambo wina anafuna kuonetsa kuti wamvetsa za kusakondera, ndiye anati, "Funso ili ndi losavuta kwambiri, ayankhe atsikana." Mayi Veronica anavula magalasi n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali. Wina anatigawa m'magulu, koma mtsikana aliyense anapezeka kuti ndi mlembi, anyamata ndiwo ogwira mawaya.

Kenako inafika nthawi ya a Gilford, ochokera kusukulu ina ya ku Nsungwi. Shati yoyera, nsapato zafumbi, mawu ofatsa. Kutalika kunali kwapakatikati, koma mtima wanga unawonjezera pamene panaperewera.

Anayamba ndi kufunsa mayina athu, ndipo anawasunga. Anaika pa tebulo lililonse batire, mawaya ndi kababu. Anyamata a gulu lathu anazilumphira ngati nyama ya pa ukwati.

"Amuna inu mwagwirako kale. Mpatseni Raisa."

Anafunsa funso n'kunena kuti, "Osakweza manja. Aliyense aganize kaye." Anadikira. Munthu kudikira ndithu, osathamangira kwa mnyamata wodziwa zonse uja. Ndiye anabwera, anaima patsogolo panga, maso ake pa ine.

"Raisa, iwe ukuganiza bwanji?"

Abale, chiyambire Folomu 1 palibe mwamuna anandifunsapo zimene ndikuganiza. Ndinalumikiza waya. Kababu kanayaka. Mumtima mwanga munayaka Area 47 yonse, mpaka magetsi a pageti.

3

Ulendo wachiwiri a Gilford anaphunzitsa za mawu, mmene amayendera mumpweya. Anabwera ndi kachitsulo ka mphanda, kooneka ngati legeni yopanda mphira. Akakamenya pabondo kankalira kuti ng'wiii.

"Mmodzimmodzi azikhala pakati apa, atseke maso. Ndikaliza, aloze kumene kukuchokera kulirako."

Tracy analoza bwino. Anyamata analoza bwino. Ine ndinakhala pampando paja, ndinatseka maso mokongola momwe ndikanathera, zikope zili pansi ngati mkwatibwi. Ng'wiii. Ndinaloza kukhomo.

Labu yonse inaphulika. Nditatsegula maso, a Gilford anali kuwindo.

"Tiyesenso," anatero.

Ng'wiii. Kukhomo. Iwo ali kuwindo komweko.

"Ameneyo musavutike naye, ndi Maloto!" anafuula a Mackson ali kumbuyo. "Akuloza kumene adzatulukire mwamuna wake!"

"Ndimaganiza za fanta, aphunzitsi," ndinatero, ndipo anthu anasekanso. Kuseketsa anthu panthawi yake ndi luso limene ndinaliphunzira ndili wamng'ono.

A Gilford okha sanaseke. Anaitana wina msangamsanga, phunziro n'kupitirira. Koma zinthu zinasintha pomwepo. Posinthanitsa magulu, ine ndinapezeka kutsogolo, pafupi ndi windo. Iwo anayamba kuima kudzanja langa lamanja. Akalemba pabolodi ankakhala chete, n'kutembenuka kaye asanayankhule. Wina akayankha kumbuyo, ankabwereza yankholo nkhope yawo ili kwa ine.

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Musaname.

Titaweruka anati, "Raisa, tsala pang'ono. Chitsekocho chisiye chotsegula."

Zimene anandiuza m'labumo sindikuuzani panopa. Ine ndadikira moyo wanga wonse, inunso dikirani pang'ono. Chimene mungadziwe ndi chakuti ndinatuluka maso ali psuu, mphuno ikuchucha. Pakhonde panali a Mackson akutokosa mano. Pansi pa mtengo wa mango panali Tracy.

"Akuuza chiyani?"

"Palibe."

"Palibe amaliritsa munthu? Iwe Raisa, ndiyang'ane. Akufunsira eti?"

Mayankho analipo awiri. Loona linali lalifupi ndiponso lonyansa. Linalo linali litavala velo. Ndinayang'ana pansi, ndinamwetulira, chala chakuphazi n'kumajambula m'dothi.

"Usauze munthu."

Kuuza Tracy kuti usauze munthu kuli ngati kubwereka chimkuzamawu cha ogulitsa mankhwala a makoswe pa depoti. Ndinkadziwa. Ndipo choipa kwambiri ndi ichi: pofika kunyumba, bodzalo ndinali nditalikhulupirira ndekha.

4

Masiku otsatirawa ndinali mkazi wa munthu. Ndinkafika kusukulu m'mamawa mlonda asanachotse chipewa chake cha mphepo. Chilichonse chimene a Gilford ankachita chinali umboni. Aima kudzanja langa lamanja: chikondi. Alemba mawu ovuta pabolodi n'kundiyang'ana ngati ndawaona: chikondi. Andisankha kuti ndifotokozere kalasi za gulu lathu: akundizoloweza kuyankhula pagulu, mkazi wa mphunzitsi sachita manyazi.

N'zoona kuti mnyamata wina wotsinzinira anamusunthiranso kutsogolo. N'zoonanso kuti mtsikana wachibwibwi ankamudikira mpaka amalize chiganizo. Koma zimenezo ine ndinkadziwa kuti n'zongophimba anthu m'maso.

Vuto la chipembedzo ndinalithetsa ndekha ndili kubafa. Dzina la mwana woyamba ndinapeza lokomera mbali zonse.

Nkhani inafika kwathu kudzera pa mpopi wa madzi. Ndinapeza amayi atakhala pamkeka, samusa zili zosapinda, achimwene anga a Idi ataima pakhomo ngati apolisi a pamsewu. A Idi amakonza mafoni mumsika wa Kawale, ndipo chimwalirire bambo anadzisankha okha kukhala bambo, shehe komanso khoti la apilo la nyumba yathu.

"Iwe Raisa, mphunzitsi ameneyu anakutsekera m'labu?"

"Sanatseke, achimwene."

"Anthu akuti unatuluka ukulira."

"Munthu salira?"

"Anakuuza chiyani?"

Ndinayang'ana amayi. Ndikanati ndinene zoona, iwo akanakwiya kuposa mmene anakwiyira ndi bodzali. Chinsinsicho pakhomo pathu tinkachidziwa ine ndi amayi basi, ngakhale iwo anali asanazindikire kuti nkhani ndi imeneyo.

"Ndi za pakati pa ine ndi a Gilford," ndinatero, mutu uli m'mwamba.

"Wallahi!" A Idi anamenya chitseko mpaka kalendala inagwa. "Munthu wa boma, wamkulumkulu, kuseweretsa mwana wamasiye! Aona. Ntchito imeneyo aitsanzika."

Mukuganiza kuti ndinachita mantha? Ndinasangalala. Ndinaona kuti a Gilford akuchedwa, ndipo mwamuna wamanyazi amafunika kumukankha. Achimwene akakalusa pagulu, iwo adzaimirira, adzagwira pachifuwa, adzanena kuti, "Inde, ndimamukonda!" Amayi adzakomoka pang'ono, adzawathira madzi, kenako ankhoswe. Ndinasita mpango wabuluu.

5

Tsiku lotsekera maphunziro anakonza labu ngati tchalitchi. Nsalu pa tebulo, maluwa apulasitiki, masatifiketi mulu. Mlendo wolemekezeka anali bwana wina wa ku ofesi ya zamaphunziro, wamimba yoyamba kulowa m'chipinda mwini wake asanafike. Anali pakati pofotokoza kuti palibe mwana amene adzasiyidwe m'mbuyo pamene chitseko chinatseguka kuti phwaa.

A Idi. Kumbuyo kwawo amayi. Kumbuyo kwa amayi theka la Kawale, ena ndi mabeseni a malonda kumutu.

"Gilford ndi uti? Aimirire! Mwabwera kudzaphunzira kuphunzitsa kapena kudzasankha akazi?"

Phokoso linabuka. A Gilford anaimirira pang'onopang'ono, nkhope itachita kutuwa. Ndipo amene sanadikire n'kuitanidwa komwe ndi a Mackson. Sindinawaonepo akusangalala choncho, ngakhale tsiku la nkhuku.

"Bwana, ine ndinaona ndi maso angawa. Anamutsaliritsa yekha, mwana anatuluka akulira. Masiku onsewa amangomuzungulira ngati ntchentche. Ndinanena ine! Mukayamba kuyang'ana ana kumaso, mapeto ake ndi amenewa. Bolodi silinaperekepo mimba!"

"Mimba?" anakuwa amayi.

"Palibe za mimba!" ndinakuwa ine, koma kunja mawuwo anali atakwera kale minibasi ya ku Chinsapo.

Bwana uja anamenya tebulo. "Lamulo ndi lodziwika. Mphunzitsi wochita chibwenzi ndi mwana wasukulu amaimitsidwa ntchito. Bambo, yankhulani."

Nthawi yanga inakwana. Ndinakonza mpango. Ndinakonzeka kugwetsa msozi umodzi waulemu.

"Sindinamufunsire," anatero a Gilford. "Sindinamukhudze. Chitseko chinali chotsegula. Ndili ndi mkazi ku Nsungwi, bwana, ndi mwana wakhanda. Ntchito imeneyi ndi imene tikudyera."

Mkazi. Khanda. Makatani anga ofika pansi aja ndinawamva akuthothoka ndi misomali yomwe.

"Ndiye munakambirana chiyani chomuliritsa?" anafunsa Mayi Veronica mofatsa. "Nenani, a Gilford, nkhaniyi ithere pano."

"Sindinganene."

"Bwanji?"

"Si nkhani yanga. Munatiphunzitsa nokha, mayi. Chimene mwana wakuuza kapena wachiona pa iye, sumachiyala pagulu mwini wake asanalole. Ndinamulonjeza."

"Mwamva?" anatero a Idi. "Wavomera!"

"Ngati simungafotokoze," anatero bwana uja, akukankhira satifiketi imodzi pambali, "Lolemba musalowe m'kalasi. Mudzamva kwa ife."

A Gilford anagwedeza mutu. Anatenga chikwama chawo. Njira yachidule yopita kukhomo inali yodutsa kumbuyo kwanga, koma iwo anazungulira tebulo lonse, anafika kudzanja langa lamanja, anandiyang'ana kumaso monga mwa masiku onse.

"Raisa, sukukakamizidwa kunena chilichonse."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Munthu wangomuchotsetsa ntchito sangakuyang'ane mwachikondi. M'maso amenewo munalibe Area 47, munalibe ankhoswe. Anazungulira tebulo chifukwa ndi mmene ankagwirira ntchito yawo, ndipo anali akuigwirabe ngakhale itawathera.

6

Tsopano ndikuuzeni za m'labu muja.

Anthu onse atatuluka, a Gilford anaima patali, pafupi ndi sinki, n'kundifunsa funso limodzi.

"Raisa, khutu lako lamanzere limamva?"

Silimva. Linafa ndili Sitandade 3. Ndinadwala, m'khutu munatuluka mafinya kwa nthawi yaitali, ndipo atauma, mbali imeneyo ya dziko inangoti zii mpaka lero. Nthawi imeneyo a Idi ankakhala kwa amalume ku Mangochi, sanadziwe kalikonse. Amayi anandikhazika pamiyendo n'kundiuza kuti, "Usadzauze munthu. Mtsikana akangotchedwa gonthi, akongole bwanji, palibe amene amagogoda." Ankandikonda, ndipo chikondi chawo chinandimanga pakamwa.

Ndiye ndinaphunzira kukhala. Mu minibasi, pawindo la kumanzere. Poyenda ndi Tracy, iye kumanja, osadziwa chifukwa chake. Kupendeketsa mutu kuja kumene anyamata ankati ndi matama, ndinkasaka mawu. Ndipo pamene a Mackson ananditcha Maloto ndinathokoza Mulungu, chifukwa wolota amakwatiwa.

Zonsezi a Gilford anaziona ndi kachitsulo kamodzi. Anandifotokozera kuti munthu amadziwa kumene mawu akuchokera chifukwa makutu ndi awiri, ndipo wa khutu limodzi amaloza mbali imodzimodzi. Anati kuchipatala chachikulu kuli oona za makutu, ndipiteko. Ndinalira, ndinawapempha kuti asauze aliyense, iwo n'kulonjeza. Chikondi chathu chonse ndi chimenecho. Mwamuna anandiuza kuti ndipite kuchipatala.

Ndiye tsiku lotsekera lija, a Gilford asanafike pakhomo, ndinaimirira.

"Sanandifunsire. Ndinanama ndine. Ine khutu ili silimva. Iwo anazindikira, n'chifukwa chake ankaima uku. Ndinawapempha kuti asanene."

Tracy anandiuza pambuyo pake kuti amayi anakuwa katatu konse kuti, "Raisa, khala pansi!" Tsoka lake anaima kumanzere.

M'labu munangoti zii, moti kwa kanthawi ndinaganiza kuti lachiwiri lafanso.

"Bodza," anatero a Idi, koma mawu awo anali ataphwa. "Ukumuteteza."

"Yesani."

Anabwera. Anawerama kumanzere kwanga, ndinamva mpweya wawo wofunda pa mpango. Ananena zimene ananenazo. Ine ndinangoyang'ana maluwa apulasitiki. Kenako anazungulira.

"Wamva?"

"Ayi, achimwene."

Munthu wamkulu uja, khoti la apilo, anakhala pa desiki ya ana n'kugwira kumutu. Mpaka lero amakana kundiuza zimene ananong'oneza. Tracy amalumbira kuti anamva mawu oti pepa, koma umboni wa Tracy mukuudziwa kale.

A Mackson anatsokomola. "Koma ine mwanayu ndamuphunzitsa kuyambira Folomu 3. Bwanji sindinaone?"

"Mukanaona ndi msana?" anafunsa Mayi Veronica, jakisoni uja atamutulutsa tsopano.

Bwana wa ku ofesi anabweza satifiketi ija pamulu mwakachetechete, ngati si iye anaichotsa, ndipo anayamba kufotokoza kuti izi n'zimene iye wakhala akunena. Anthu a mabeseni anabalalika okhumudwa. Anasiya malonda chifukwa cha mimba, n'kupatsidwa khutu.

7

A Gilford akuphunzitsabe ku Nsungwi. Ndinapita ndi a Idi kukapepesa. Mkazi wawo anatilandira ndi tiyi, ndipo anandiyang'ana kuchokera ku mpango mpaka ku zala zakumapazi m'njira yoti sindidzaiwala. Ndamva kuti Mayi Veronica anawonjezera phunziro latsopano: mphunzitsi wamwamuna akafuna kuyankhula ndi mtsikana payekha, pakhalenso mphunzitsi wamkazi. Anzanga analowa ku yunivesite, ine ndinalowa mu silabasi.

Zotsatira zinatuluka. Fizikisi ndinagwa chagada, monga aliyense ankayembekezera. Ndikubwereza Folomu 4, pasukulu yomweyo, kwa a Mackson omwewo. Ndimakhala kutsogolo pafupi ndi windo. Masiku ano amatembenuka asanayankhule, movutikira, ngati anthu akuzunguza firiji, koma amatembenuka. Dzina la Maloto analisiya. Nthawi zina ndimalisowa.

Amayi anakhala nthawi osandiyankhula zoposa "tenga" ndi "bweretsa". Kenako tsiku lina m'mawa anavala chitenje chawo chabwino n'kunena kuti tikupita kuchipatala. Mu minibasi kondakitala anandifunsa kumene nditsikire, ali kumanzere kwanga, kawiri konse, n'kuyamba kundinena kuti ndine wonyada. Amayi anamukoka shati.

"Iwe, mwana wangayu samva mbali imeneyo. Uyankhule uku!"

Minibasi yonse inamva. Dziko silinathe. Madokotala akuti khutulo silingadzuke, koma lotsalali ndilisamale ngati dzira.

Ndiye inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mumakhala kumbuyo kwa kalasi: taonani mmene tinazolowerera kusaonedwa. Munthu akangosunga dzina lathu, akangodikira kuti timalize kuyankhula, timayamba kusankha makatani. Ine ndinatsala pang'ono kulanda khanda chakudya chifukwa sindinkadziwa kusiyanitsa mwamuna wondifuna ndi mphunzitsi wogwira ntchito yake. Wachiwiriyu ndinali ndisanamuonepo. Mwamuna akakuyang'anani kumaso n'kukufunsani zimene mukuganiza, musathamangire kwa ankhoswe. Yambani mwafufuza ngati sanachokere ku wekishopu.

Ndipo inu aphunzitsi, tembenukani. Wolota uja wa kumbuyo mwina sakulota.

Za Area 47 sindinasiye, musandiyese wochira. Ndikudikirabe, ndipo kudikirako sindikukuthabe. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimodzi: mwina munthu wanga anabwera kale. Ndiye ngati ndinu mnyamata wamtali wa mawu ofatsa, munandiitana pa depoti kapena mumsika wa Kawale ine n'kungodutsa ndili zii, sikunali kunyada.

Zungulirani.